Mmene mungalembere ndemanga yoyenda kuchoka pa nyimbo kukafika pa ndale, filimu ndi filosofi

Anthu ambiri ofuna kulemba ndemanga za nyimbo ndi mafilimu kuno kwathu amayamba ndi funso lakuti, "Kodi woyimbayu ndi wachipani chanji?" Akangopeza yankho, basi ndemanga yatha. Akakhala wachipani chawo, nyimboyo ndi yanzeru. Akakhala wa mbali ina, ndiye kuti wadya ndalama. Ine ndimakonda ndemanga zoyenda mtunda wautali, zochoka pa nyimbo n'kulowa m'ndale, kudutsira pa filimu mpaka kukafika pa funso lakuti munthu n'chiyani. Koma ndemanga zotere zimagwira mtima pokhapokha wolembayo atayamba wamvetsera ndi kuonetsetsa chimene akufuna kukambapo. Njira ili m'munsiyi ndi imene ndimatsata, ndiponso ndi imene ndimauza achinyamata akandifunsa poyambira.

Gwirani chinthu chimodzi

Musayambe ndi mutu waukulu monga "luso ndi ndale m'Malawi". Mutu wotere umakukokerani kolankhula zimene aliyense akudziwa kale. Sankhani nyimbo imodzi, filimu imodzi, kapena chigawo chimodzi cha sewero la pa wailesi. Chikhale chinthu chimene chakusowetsani mtendere, kaya chakukondweretsani kaya chakupsetsani mtima.

Ngati ndi nyimbo, tengani kope ndi cholembera, valani mahedifoni, mulembe mawu onse ndi dzanja lanu, mzere ndi mzere. Musakopere mawu amene ena anaika pa intaneti, chifukwa ambiri amakhala olakwika, makamaka pamene woyimba wasakaniza Chichewa ndi Chiyao, Chitumbuka, Chilhomwe kapena Chisena. Mukafika pa mawu amene simukuwamva, siyani mpata, mukafunse mwini chiyankhulo. M'mbali mwa mawuwo lembaninso zimene zida zikuchita: pamene besi yalowa, pamene ng'oma zaleka n'kutsala mawu okha, pamene wotsogolera wayambitsa ndi pamene ovomereza akumuyankha. Nthawi zambiri mawu olemera m'nyimbo zathu sakhala m'kamwa mwa wotsogolera ayi. Amakhala mwa ovomereza, chifukwa ndiwo mawu amene khamu lidzayimbe, ndipo mawu oyimbidwa ndi khamu alibe mwini woti n'kumugwira.

Mukatero vulani mahedifoni mukaimvere kumene anthu amaimvera. Nyimbo imene mwaimva muli nokha kuchipinda imamveka mwina mu minibasi yochoka ku Limbe kupita ku Zomba, sipika yong'aluka ili pansi pa mpando, kondakitala akutolera ndalama. Yang'anani nkhope za anthu. Pamakhala mzere wina umene ukangofika, mayi amene wayika dengu la tomato pamiyendo amapukusa mutu n'kunena kuti "zoona zimenezo", bambo wa kumpando wakumbuyo n'kuyamba kutsutsa, dalaivala n'kukweza voliyumu. Mzere umenewo ulembeni musanatsike. Pamene anthu ayambira kukangana ndi pamene ndemanga yanu iyenera kuyambira.

Funsani chaka

Apa ndi pamene ndimataya nthawi yambiri, ndipo ndi pamene olemba ambiri amathamanga. Nyimbo iliyonse inatuluka chaka china chake, pansi pa boma lina lake, ndipo mtengo wa mawu umasintha ndi nthawi. Mzere umene lero mnyamata angaujambule pa foni n'kuuponya pa TikTok osaopa kanthu, mu 1985 ukanamutengera kundende ya Mikuyu.

Kuti mulembe bwino za nyimbo za nthawi ya chipani chimodzi, dziwani zinthu zingapo. Mu 1968 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo lounika ndi kuletsa zamsangulutso, ndipo bungwe la Censorship Board linkayang'ana mabuku, mafilimu, masewero ndi nyimbo anthu asanazione. Wailesi inali imodzi yokha, ya MBC. Kanema wa dziko lino anadzayamba mu 1999, Kamuzu atachoka kale pampando. Choncho woyimba amene nyimbo yake yakanidwa ku MBC analibe kwina kothawira. Mantha anafika poti ngakhale nyimbo yachikondi ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa "Cecilia" inaletsedwa chifukwa chongofanana dzina ndi Mama Cecilia Kadzamira. Mukadziwa zimenezi simungathamangire kunena kuti oyimba a nthawi imeneyo anali amantha kapena kuti ankangoyimba za chikondi ndi ulimi. Mufunse kaye kuti m'kati mwa nyimbo ya ulimiyo munabisika chiyani.

Kenako pali zaka zitatu zimene zinatembenuza zonse. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi. Mwezi wotsatira Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Pa 14 Juni 1993 anthu anasankha pakati pa nyali (matipate) ndi tambala wakuda (chipani chimodzi) pa riferendamu, nyali n'kupambana, ndipo pa 17 Meyi 1994 kunachitika chisankho cha matipate. Lucius Banda wa ku Balaka anatulukira m'nyengo imeneyi, akuyimba poyera za mabala amene anthu anali nawo. Munthu wobadwa mu 2003 akamva nyimbo zake zoyambirira atha kuona ngati ndi madandaulo wamba. Ntchito yanu ndi kumuonetsa kuti zaka zochepa m'mbuyomo mawu amenewo anthu ankangonong'onezana, atayang'ana kaye kumanzere ndi kumanja.

Musaganizenso kuti 1994 itadutsa mantha anatheratu. Evison Matafale wa ku Chileka, amene anayambitsa gulu la Black Missionaries, anamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu Novembala 2001, atamangidwa chifukwa cha makalata odzudzula Pulezidenti Bakili Muluzi. Mu 2010, m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, MBC inaleka kuulutsa nyimbo za m'chimbale chatsopano cha Lucius Banda. Pa 20 Julayi 2011 anthu anachita ziwonetsero chifukwa cha kusowa kwa mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja komanso kaulamuliro koipa, ndipo anthu pafupifupi 20 anaphedwa. Nyimbo iliyonse yotuluka pakati pa 2010 ndi Epulo 2012 pamene Bingu anamwalira, ngakhale ikhale yauzimu, muimvere muli ndi mizere ya pa filing'i siteshoni m'maganizo. Chimodzimodzi nyimbo za 2013 ndi nkhani ya Cashgate, kapena za 2019 ndi chisankho cha tipeksi chimene khoti linachithetsa pa 3 Febuluwale 2020.

Chaka muchipeze kuti? Pachikuto cha kaseti kapena CD ngati chilipo, m'nyuzipepala zakale, kwa owulutsa mawu amene akhalitsa pa ntchito, kapena kwa woyimba mwiniwake. Tsiku limene nyimbo inaikidwa pa YouTube musalikhulupirire. Nyimbo ya 1997 ikhoza kuoneka ngati ya 2016 chifukwa ndi pamene wina anaikweza.

Phunzirani kumva zophiphiritsa, koma musazipeke

Ife sitinaphunzire kuphiphiritsa chifukwa cha Censorship Board. Tinali nako kale. Imani pafupi ndi amayi awiri akukonola chimanga pamtondo, minsi ikusinthana, mmodzi akuyambitsa nyimbo mnzake akuvomereza. Nyimboyo ikunena za mbalame imene imadya m'munda mwa eni koma siilima. Apongozi ali pakhonde pomwepo akusenda nyemba, akumva zonse, akudziwa bwino lomwe kuti mbalameyo ndi mwana wawo amene watha masiku kumowa. Koma sangakwiye, chifukwa palibe amene watchulidwa dzina. Uthenga wafika, ulemu sunasweke. Ku bwalo la Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, mumatuluka zilombo monga Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya, zimene aliyense woonera amadziwa kuti zikunenapo kanthu za azungu ndi chipembedzo chimene anabwera nacho. Jack Mapanje, amene anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, anagwiritsa ntchito luso lomweli m'ndakatulo zake za Chingerezi. Dzina la buku lake la 1981 linali ndi birimankhwe m'kati, ndipo sizinali mwangozi.

Tsono mukakumana ndi fisi, nkhandwe, mkango wokalamba, bambo wopeza, kapitawo kapena dalaivala woledzera m'nyimbo, imani kaye. Dzifunseni kuti chaka chimenecho anthu akamva mawu amenewa ankaganiza za yani.

Koma pali dzenje apa, ndipo ambiri amagweramo. Munthu akangozindikira kuti nyimbo zimabisa, amayamba kuona pulezidenti m'nyimbo iliyonse. Mwamuna akudandaula kuti mkazi wake wamuthawa, iye akuti ndi mgwirizano wa zipani umene wasweka. Nthawi zina mkazi wothawa ndi mkazi wothawa basi. Musananene kuti fisi wa m'nyimbo ndi nduna yakutiyakuti, onetsani umboni umene uli m'nyimbomo: mawu amene sakugwirizana ndi nkhani ya fisi weniweni, mtundu wa nsalu umene watchulidwa, chizindikiro cha chipani, mwambi umene wandale wina ankakonda kuunena pamisonkhano. Onetsaninso mmene anthu anailandirira, ngati inaletsedwa, ngati inayimbidwa pa ziwonetsero. Ngati umboni ndi wochepa, lembani kuti "anthu ambiri anaimva chonchi", osati "woyimbayu amatanthauza chonchi". Kusiyana kwake si kwapang'ono. Woyimba anabisa dala kuti adziteteze, ndipo inu mukamuvundukula ndi dzina la munthu wamphamvu mukhoza kumuika pamoto ali moyo, ali ndi ana.

Anzathu a ku Zambia ali ndi chitsanzo cha zimene zimachitika woyimba akasiya kubisa. Mu 2015 Pilato anatenga nyimbo yakale ya Chinyanja yodziwika ndi aliyense, n'kusintha mawu kuti inene za Pulezidenti Edgar Lungu ndi dzina lake lomwe, ndipo anamangidwa. Ngati mukulemba za nyimbo yotere, nkhani siilinso yofufuza chobisika. Nkhani ndi yakuti n'chifukwa chiyani anasankha kubwereka nyimbo yakale, ndipo kukumbukira kwa anthu kunathandiza bwanji kuti uthenga uthamange.

Ndani analipira, ndipo inalira kuti

Funso la ndalama si lamwano. Nthawi ya mu situdiyo imalipidwa, vidiyo imalipidwa, ndipo m'dziko limene nyimbo zimakopedwa pa memori kadi pamsika, woyimba amadalira mashowu, makampani ndi andale. Bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa zaluso, lakhala likutolerera oyimba ndalama kuyambira 1992, koma ndi ochepa amene angadyetse banja ndi zimenezo zokha. Choncho nyengo ya kampeni ikafika, oyimba ambiri amakwera pa malole a zipani. Mukadziwa kuti nyimbo inalipiridwa ndi chipani, nenani. Ngati mwangomva mphekesera, zisiyeni.

Komabe musataye nyimbo chifukwa chongoti ndi yotamanda. Nyimbo zotamanda zili ndi mbiri yake, kuyambira kwa mafumu mpaka kwa mbumba za Kamuzu zimene zinkavina pabwalo la ndege ndi m'masitediyamu zitavala nsalu ya nkhope yake. Amayi ena ankapita mokondwa, ena mokakamizidwa, atasiya ana ndi minda, ndipo ndemanga yoona iyenera kunyamula zonse ziwiri. Joseph Nkasa atayimba "Mose wa Lero" potamanda Bingu chisankho cha 2009 chisanachitike, nyimboyo inalowa m'makutu a anthu a zipani zonse. Wolemba ndemanga amene angonena kuti "anagulidwa" sanafotokoze chilichonse. Afotokoze chifukwa chake chithunzi cha Mose chinagwira mtima anthu amene anali atangotuluka m'njala ya 2002 ndi 2005, amene makuponi a feteleza anawathandiza kudzaza nkhokwe. Akatero akhoza kufunsa funso lovuta: kodi chimachitika n'chiyani kwa mtsogoleri amene anthu ake amuuza kuti ndi wotumidwa ndi Mulungu, patangotha zaka ziwiri zinthu n'kuyamba kuvuta?

Kuno kwathu mpanda wa pakati pa nsanja ya zoyimba ndi nsanja ya ndale ndi waufupi. Lucius Banda anakhala phungu wa UDF ku Balaka mu 2004, anamangidwa mu 2006 pa mlandu wa satifiketi ya sukulu, anabwereranso ku Nyumba ya Malamulo mu 2014, ndipo pomwalira pa 30 Juni 2024 anali mlangizi wa Pulezidenti Lazarus Chakwera. Billy Kaunda nayenso anakhalapo phungu. Du Chisiza Jr wa Wakhumbata Ensemble Theatre, amene masewero ake ankalasa boma, anadzalandira unduna m'masiku otsiriza a ulamuliro wa MCP. Michael Usi, amene dziko lonse linamudziwa ngati Manganya wa mu Tikuferanji, analumbira kukhala wachiwiri kwa pulezidenti mu Juni 2024, Saulos Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa. Polemba za anthu otere, siyanitsani nthawi. Nyimbo imene munthu anayimba asanalowe m'boma muiweruze pa nthawi yake. Zimene anadzachita pambuyo pake ndi nkhani ina, yoyenera kukambidwa ndithu, koma musabwerere m'mbuyo n'kunena kuti nyimbo yakale ija inali yabodza.

Mukafika pa filimu

Filimu imafuna maso ndi khutu pamodzi, ndipo funso loyamba ndi lakuti anaipangira yani. Tengani The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, imene Chiwetel Ejiofor anaitsogolera n'kuseweranso ngati bambo wa William Kamkwamba, mnyamata amene anapanga makina oyendera mphepo. Inajambulidwa kuno, nkhani yake ndi ya ku Wimbe m'boma la Kasungu, ndipo mbali yaikulu ndi ya m'Chichewa. Amalawi ambiri atangoiona anayamba ndi kuseka kamvekedwe ka Chichewa cha osewera ochokera kunja. Zimenezo n'zoyenera kuzitchula, koma mzere umodzi kapena iwiri yakwana. Pali zolemera kuposa pamenepo.

Muonereni mosamala chigawo chimene mfumu ikuyankhula za njala pamsonkhano wa pulezidenti, kenako n'kumenyedwa kuseri. Muonenso chigawo cha anthu akukanganirana chimanga pa depoti. Kenako pitani ku mbiri: njala ya 2001 ndi 2002 inafika chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa, ndipo panali kulozana zala pakati pa boma ndi IMF za amene analangiza zimenezo. Apa ndi pamene filimu ndi ndale zikukumana popanda inu kuzikakamiza.

Yerekezaninso filimu ndi zimene zinachitikadi. Makina amphepo oyamba a Kamkwamba ankayatsa mababu ndi kuyimbitsa wailesi pakhomo pawo. Zopopa madzi zinadza pambuyo pake. Mufilimu makinawo akupopa madzi othirira mbewu njala ili m'kati, n'kupulumutsa mudzi. Musangoti "ananama". Filimu iliyonse yochokera pa nkhani yoona imasintha zina. Funsani kuti kusinthako kukupindulira yani, ndiponso kukuphunzitsa woonera wa ku London kapena New York chiyani za njala: kuti imatha ndi nzeru za mnyamata mmodzi, kapena kuti imayamba ndi zosankha za anthu a maudindo? Ine ndimaona kuti filimuyi ikunena zonse ziwiri, koma mapeto ake amapangitsa woonera kuiwala mfumu ija.

Kuti muone kusiyana, ikani pambali pake filimu yopangidwa ndi Mmalawi, monga ya Shemu Joyah ya 2012 yonena za msodzi wa kunyanja amene moyo wake ukusokonekera pamene nsomba zikuchepa ndipo alendo okaona malo akuchuluka. Onani kumene kamera yaima, amene akuyankhula nthawi yaitali, ndi zinthu zimene wopanga filimu sanavutike kuzifotokoza chifukwa akudziwa kuti woonera wake akuzidziwa kale. Polemba, tchulani mphindi yeniyeni imene chinthu chikuchitika kuti wowerenga akathe kudzionera yekha. Ndipo ngati muulula mathero, chenjezani pamwamba.

Filosofi ilowe ngati funso

Apa ndi pamene ndemanga zambiri zimasanduka ndiwo zothira mchere kawiri. Wolemba watha kukamba za nyimbo, ndiye akuwaza dzina la Mgiriki wina ndi miyambi itatu kuti aoneke wophunzira. Filosofi imathandiza pokhapokha ikatsegula funso limene nyimbo kapena filimuyo yadzutsa kale.

Nachi chitsanzo. Plato, m'buku lake la Republic, ananena kuti mumzinda wolongosoka muyenera kuloledwa nyimbo zotamanda milungu ndi anthu abwino zokha, ndipo anachenjeza kuti kayimbidwe kakasintha, malamulo a dziko nawonso amagwedezeka. Tsono kumbukirani kuti Kamuzu ankakonda kwambiri maphunziro a Agiriki ndi Aroma, moti sukulu imene anatsegula ku Mtunthama mu 1981 inkaphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki. Sindikunena kuti Censorship Board inachokera kwa Plato. Ndikunena kuti mukaika awiriwa pafupi mumapeza funso lenileni: ngati olamulira amaopa nyimbo chotere, ndiye kuti akuvomereza kuti nyimbo ili ndi mphamvu yosintha anthu. Nanga ife amene timafuna ufulu wa woyimba, tikuti nyimbo ilibe mphamvu yoononga, kapena tikuti ngakhale ili nayo boma si loyenera kuigwira pakamwa? Funso limeneli limakhudzanso nyimbo za masiku ano zonyoza amayi kapena zodzudzula mitundu ya anthu ena, ndipo silophweka.

Ndipo simufunika kupita ku Athens nthawi zonse. Tili ndi umunthu. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Ambiri amangotchula mwambiwu n'kupitirira, ngati kuti wathetsa nkhani. Ugwiritseni ntchito ngati funso. Ngodya zinayi za nthawi ya Kamuzu zinali umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo munthu wotsutsa ankaoneka ngati wodzipatula pagulu. Nanga woyimba amene waima yekha n'kunena zimene mudzi wonse ukuopa kunena, ndi kanyama kokhala kokha, kapena ndi iyeyo amene wasunga umunthu wa onse? Akuluakulu omwewo anatinso anthu ndi mchenga, saundika. Didier Kaphagawani, amene ankaphunzitsa filosofi ku Chancellor College, analemba za mmene Achewa amamvetsera munthu, ndipo ndi bwino kumuwerenga musanayambe kulemba ngati kuti makolo athu ankangodziwa za gulu osadziwa za munthu payekha. Ndemanga ya Matafale imene siinagwire funso limeneli, kwa ine, imakhala yoperewera.

Lamulo langa ndi lakuti ganizo limodzi la filosofi pa ndemanga imodzi lakwana, ndipo mulifotokoze m'mawu oti agogo anu atha kulitsutsa.

Polemba penipeni

Chiganizo choyamba chinene chimene mwaona kapena mwamva, osati mbiri ya woyimba kuyambira kubadwa. Nenani maganizo anu msanga ndipo muwaimirire. Ngati nyimbo ili ndi uthenga wabwino koma kayimbidwe kake n'kofooka, besi ndi ng'oma n'zongotengera pa kompyuta zimene tazimva kale kambirimbiri, nenani choncho. Woyimba wolimba mtima pa ndale sakhala waluso chifukwa cha kulimba mtimako, ndipo kumunyengerera n'kumuchepetsa.

Poyenda kuchoka pa nyimbo kupita ku ndale kapena ku filimu, dziyeseni motere: chotsani ndime imene mwalumphira kwinayo, muwerengenso. Ngati palibe chasowa, ndimeyo inali yongodzionetsera, ichotseni ndithu. Ngati nyimbo yasanduka yosamveka bwino popanda ndimeyo, ibwezereni.

Mawu a m'nyimbo tengani ochepa, mzere umodzi kapena iwiri yofunika pa mfundo yanu, ndipo mutchule mwini wake. Mukalemba m'Chichewa, lembani Chichewa chimene mumayankhula ndi anzanu a nzeru, osati chotanthauzira ziganizo za Chingerezi liwu ndi liwu. Werengani mokweza musanatumize. Pamene lilime lapunthwa, chiganizocho n'chokhota.

Mayina, zaka ndi maudindo muzitsimikize kawiri. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 amateteza ufulu wolankhula mu gawo 35 ndi ufulu wa atolankhani mu gawo 36, koma sateteza bodza loipitsa mbiri ya munthu. Dziwaninso kuti lamulo la 2016 lokhudza za pa intaneti lagwiritsidwapo ntchito pomanga anthu chifukwa cha zolemba pa Facebook ndi WhatsApp. Kunena kuti mfundo ya nduna ndi yolakwika ndi maganizo anu, ndipo muli nawo ufulu. Kunena kuti nduna inaba ndi chinthu chofuna umboni umene mungauonetse kukhoti.

Mukayamba kudziwika, manijala wa woyimba wina adzakuimbirani foni, adzakutumizirani ya mayunitsi kapena tiketi ya ulere ya ku showu. Tiketi yolowera kuti mukaone ntchito yanu mutha kulandira, bola munene m'ndemanga kuti munaitanidwa. Ndalama ikaneni, kaya ichokere kwa woyimba kaya kwa wachipani. Ngati woyimbayo ndi m'bale wanu kapena mumapemphera naye mpingo umodzi, nenani poyera kapena musiyire wina alembe.

Ndemanga ikatuluka, anthu adzakuikani m'chipani, ena cha uku ena cha uko, nthawi zina pa ndemanga imodzi yomweyo. Wotukwana musamuyankhe. Wobwera ndi mfundo muyankheni mwaulemu, pomulozera mzere wa nyimbo kapena mphindi ya filimu imene mwaimirapo. Wina akakuonetsani kuti chaka kapena dzina mwalemba molakwika, konzani tsiku lomwelo, ndipo mulembe pamwamba pa ndemangayo chimene mwasintha ndi tsiku limene mwasinthira.